Njinga ya kuphiri: yambani mwafunsa ngati imaima

Funso lomwe tinalandira ndi ili: "Ndimakhala ku Zomba, ndikufuna ndiyambe kupalasa njinga kuphiri Loweruka lililonse kuti kamimba kachepeko komanso ndizipitidwako mphepo. Ndaona njinga ziwiri. Ina ndi yatsopano mushopu, yonyezimira, ya mashoko kutsogolo ndi pakati, magiya 21. Inayo ndi ya kaunjika, yokandikakandika, shoko yakutsogolo yokha, koma mtengo wake ndi wokwererapo. Nditenge iti? Chinanso, sabata yatha ndinabwereka njinga ya mnzanga ndipo potsika pa Potato Path amayi ena osenza nkhuni anandikalipira koopsa pomwe ine belu ndinaliza bwinobwino. Olakwa ndani pamenepa?"

Achimwene, ndiyambe ndi chowawacho kuti tithane nacho. Pa Potato Path paja olakwa munali inuyo, ndipo belu lija ndi lomwe linakulitsa mlandu. Ndifika pamenepo kumunsiku, koma musaiwale nkhaniyi chifukwa ndi yomweyo ikusankhireni njinga. Ine ndatha zaka ndithu ndikukonza njinga komanso kupalasa m'mapiri, ndipo anthu akabwera pa shedi panga amafunsa kuti magiya ndi angati, shoko ikulowa bwanji, mtundu wina ulipo? Woti afunse kuti kodi njingayi imaima, ndimachita kumusowa. Chonsecho kuchokera mtauni mwa Zomba, pa mamita 900 ndi kena, kukafika ku Malumbe komwe ndi kopitirira mamita 2,000, chilichonse chomwe mwakwera mudzachitsikanso, ndipo potsikapo mabuleki ndi amene akuyendetsani.

Yonyezimira ija isiyeni mushopu momwemo. Chikomekome cha mkuyu chija ndi chimenechi. Shoko yapakati yomwe mukuionayo ndi sipuling'i chabe yokulungidwa pa kachitsulo, mkati mulibe mafuta oti aziigwira pobwerera, ndiye mukagunda mwala imakuponyani m'mwamba ngati chule, tayala lakumbuyo limachoka pansi, ndipo tayala lomwe lili m'malere silingagwire buleki. Pokwera chitunda ndiye zomvetsa chisoni, mukaponda pedulo njinga imayamba yanjanja kaye kenako nkusuntha, mphamvu zanu zina zikuthera mu sipuling'i. Kulemera kwake nthawi zambiri ndi makilo 18 kapena kuposa, pomwe ya kaunjika yabwino ya shoko imodzi imakhala cha m'ma 13 kapena 14. Pakatha miyezi ingapo pomwe felemu imapindikira paja pamayamba kugwedera, ndipo tizitsulo take simungatipeze ku Limbe ngakhale muzungulire tsiku lonse. Pamakhala kasitika ka Shimano, kampani yotchuka yopanga zipangizo za njinga, penapake kuti mukopeke, koma mukayang'anitsitsa ndi kachipangizo kamodzi kokha, zina zonse zilibe dzina.

Sikuti njinga za mashoko awiri, zomwe amazitcha full suspension, ndi zoipa ayi. Zenizeni zake ndi zokoma kwambiri pa miyala, koma mtengo wake ndi wa njinga yamoto, ndipo shoko ikafuna kukonzedwa ma seal ake mumachita kuitanitsa ku Joni. Kwa munthu woyamba kumene, pa misewu ya fumbi ya m'nkhalango ngati ya pa Zomba, ya shoko imodzi ija, hardtail, ndi yokwanira kwambiri ndipo imakuphunzitsani kusankha poponda tayala.

Koma sindikunena kuti mukangopereka ndalama pa ya kaunjikayo chifukwa ndatero ine. Kaunjika ndi kaunjika, muli golide muli zinyalala. Mupite masana, dzuwa likuwala, mutenge kasanza kopukutira. Yambani ndi felemu, pukutani pomwe anawotcherera ponse, makamaka kutsogolo pansi pa handulo, pomwe pamalowa chitsulo cha chishalo, ndi kunsi pakati pa mapedulo. Mukaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi komwe sikakuchoka mukapukuta, ndi mng'alu umenewo, bwererani kunyumba. Felemu ya aluminiyamu ikang'aluka owotcherera a pamsika sangaithe, ena amayesa inde koma imadzathyokera pambali pomwepo tsiku lomwe muli pa liwiro. Yachitsulo bola, imawotchereka. Zokandika za penti musade nazo nkhawa, penti sayendetsa njinga.

Kenako gwirani buleki yakutsogolo mwamphamvu nkumakankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kuti gu gu gu, mwina ndi mabeyaling'i a pakhosi omwe ndi osavuta kumanga kapena kusintha, koma mwinanso ndi foloko yomwe yatha mkati, ndipo imeneyo ndi ndalama. Onani timiyendo tiwiri tonyezimira ta shoko, tikhale tosalala, topanda dzimbiri kapena mabala. Ikakhala ya SR Suntour ndi yapakatikati koma imagwira ntchito, RockShox kapena Fox ndiye mwatola, bola isakhale ikudontha mafuta. Shoko yolowa mamilimita 100 mpaka 120 ndi yokwana, musakopeke ndi italiitali.

Kumbuyo yang'anani masipulokete. Pali mitundu iwiri, fuliwilo yomwe imapotokoleredwa pa habu ngati ya njinga zathu za masiku onse, ndi cassette yomwe imalowetsedwa pa habu nkumangidwa ndi kamphete. Za magiya 21 zotchipa pafupifupi zonse ndi za fuliwilo, ndipo vuto lake ndi lakuti beyaling'i ya mbali ya tcheni imakhala mkati kwambiri, ekiselo imatsala yaitali yopanda choichirikiza, ndiye munthu wa kamimba ngati mwanenera muja akamagunda miyala imapindika kapena kuthyoka. Ndasintha ma ekiselo otere osawerengeka. Ndipo nambala ya magiya isakupusitseni, chofunika ndi kukula kwa sipulokete yaikulu kumbuyoko. Fuliwilo zambiri zimathera pa mano 28, pomwe cassette imafika 34, 36 ngakhale kupitirira 40, ndipo kusiyana kwake mudzakumva m'maondo pa chitunda chopita ku Ku Chawe. Mano akakhala osongoka ngati minga ndiye kuti atha pamodzi ndi tcheni, muuzeni wogulitsayo atsitse mtengo chifukwa mukasintha zonse. Za Shimano zili ndi makwerero ake, Tourney ndi yapansi, kenako Altus, Acera, Alivio, Deore, nkumakwera mpaka SLX, XT ndi XTR. Mukapeza Alivio kapena Deore, ngakhale yakale, ndi zinthu zopirira.

Tsopano mabuleki, pomwe ndikufuna mukhalitsepo. Abwino kwambiri ndi a disiki oyendera mafuta, chifukwa chala chimodzi chimakwanira ndipo manja satopa pa mtsetse wautali. Finyani chogwiriracho, chizilimba chisanafike pa handulo, ndipo mukachigwira kwa kanthawi chisamapitirire kulowa pang'onopang'ono. Chikakhala chofewa ngati siponji muli mpweya kapena penapake pakudontha. Apa pali msampha womwe amakaniko ambiri amagweramo: Shimano ndi Tektro amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil, pomwe mabuleki ambiri a SRAM ndi Avid amafuna DOT ngati ya galimoto, ndiye wina akangothira ya galimoto mu Shimano timalabala tamkati timatupa, buleki yonse yatha basi. Zimalembedwa pa kachivundikiro pamwamba pa chogwirira, muziwerenga. Mafuta a tcheni asadonthere pa disiki, akangofika pa mapadi buleki imayamba kulira ngati nkhumba koma osagwira. Ndipo ngati ya kaunjikayo ili ndi ma V-brake, aja ogwira pa limu, musainyoze, V-brake yabwino yokhala ndi malabala atsopano imaposa kutali disiki yachinyengo ya mushopu ija, kungoti pamatope imafooka ndipo imadya limu, ndiye papasani limu ngati yakumbika.

Kena kakang'ono koma kagwetsa anthu ambiri. Njinga zochokera ku UK ndi ku Japan buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, zochokera ku America ndi mayiko ambiri a ku Europe imakhala kumanzere. Kaunjika amasakaniza zonsezi. Musanakwere njinga iliyonse, ngakhale ya mnzanuyo, finyani muone kuti dzanja liti likugwira tayala liti, apo bii mudzadziwira mumlengalenga.

Za kukula kwa matayala, pali a mainchesi 26, 27.5 ndi 29. Ya 29 imadutsa bwino pa miyala ndipo njinga zatsopano zambiri ndi zimenezi, koma kuno kwathu 26 ili ndi mwayi umodzi waukulu, tayala ndi chubu mumazipeza ngakhale pa kamsika ka kumudzi. Musanamizidwe kuti tayala la njinga zakuda zija za 28 lilowa pa 29, limu yake ndi mamilimita 635 pomwe ya 29 ndi 622, sizigwirizana. Saizi ya felemu ndiyo yosakambirana, njinga yabwino koma yaikulu kapena yaing'ono kwa inu ndi njinga ya munthu wina. Muime mutaitangadza, pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba patsale mpata, ndipo mukakhala pa chishalo chidendene chili pa pedulo yomwe ili pansi mwendo uwongoke.

Ndalama musathere pa njinga yokha. Helemeti igulidwe tsiku lomwelo, ndipo imeneyi yokha ndiye ya kaunjika ayi, chifukwa ikagundidwa kamodzi mkati imaphwanyika ngakhale kunja ikuoneka bwino. Onjezani magulovu, pampu, chubu chapadera, zigamba ndi ma allen key. Komanso lemberanani kapepala ndi wogulitsayo, mulembepo nambala ya felemu yomwe imakhala kunsi pakati pa mapedulo. Njinga zabwino zimabedwa, simukufuna kukaifotokozera kupolisi.

Tibwerere kwa amayi aja. Mkangano wa apanjinga ndi oyenda pansi si wa ku Zomba kokha, unayamba pomwe masewerowa anayambira. Kunali ku Marin County ku California m'zaka za m'ma 1970, anyamata ngati Gary Fisher, Joe Breeze ndi Charlie Kelly ankatenga njinga zakale za matayala onenepa nkumatsetsereka nazo m'mapiri a kufupi ndi Mount Tamalpais. Mpikisano wawo woyamba mu 1976 unatchedwa Repack chifukwa akafika pansi buleki ya mu habu inkatentha mpaka gilisi yense kupsa, nkumachita kupakanso wina. Mwaona, ngakhale dzina la mpikisano woyamba ndi nkhani ya mabuleki. Kampani ya Specialized itatulutsa njinga ya kuphiri yotchedwa Stumpjumper mu 1981 njinga zinachuluka m'tinjira, oyenda pansi anayamba kudandaula, tinjira tambiri tinatsekedwa kwa apanjinga, ndipo mu 1984 nthambi ya zankhalango ya dziko la America inaletseratu njinga m'madera otetezedwa omwe amawatcha wilderness. Bungwe la opalasa njinga za kuphiri lotchedwa IMBA linabadwa mu 1988 chifukwa cha kutsekedwa kumeneku, ndipo lamulo lomwe linafalitsa ndi lomwe apanjinga amatsata pafupifupi kulikonse: wanjinga amapatukira woyenda pansi ndi wokwera hatchi, ndipo wotsika amapatukira wokwera.

Koma kumeneko woyenda pansiyo naye wabwera kudzasangalala ngati inu, wavala nsapato zodula, ali ndi botolo la madzi. Kwathu kuno ndi nkhani ina. Potato Path si njira ya masewero, dzina lenilenilo linabwera chifukwa anthu ankatsikiramo ndi mbatatesi kupita nayo ku msika wa Zomba, ndipo mpaka lero ndi msewu wa anthu opita kokasaka chakudya cha ana. Inu mwabwera kudzachepetsa mimba, iwo ali pantchito. Ndiye ngati ku California wanjinga amapatuka, kuno ayenera kupatuka kawiri.

Taganizirani mmene munthu wosenza mtolo wa nkhuni amayendera pa mtsetse. Mtolowo ndi wautali kuposa iye mwini, khosi lauma, maso ali pansi kusankha mwala woti apondepo, ndipo amayenda mothamanga pang'ono chifukwa katunduyo akumukankha, kuima mwadzidzidzi ndi kovuta kuposa kupitirira. Sangacheuke. Akacheuka mtolo wonse umazungulira naye, nsonga zimakola mtengo kapena kumenya mnzake wa kumbuyo. Ndiye kumbuyo kwake kukumveka ngiri ngiri ngiri, sakudziwa ngati muli patali kapena pamsana pake, sakudziwa muli mbali iti. Komanso tisanamizane, belu kuno kwathu silitanthauza kuti moni ndili pano, tonse tinakulira pa misewu ya akabaza, belu limatanthauza kuti choka. Munawalamula amayi osenza katundu kuti achoke m'njira yawo kuti inu musangalale. Akanakhala mayi anu mukanamuyang'ana bwanji mnyamatayo?

Zoyenera kuchita ndi zosavuta. Mukawaona chepetsani liwiro mudakali kutali, mufike pa liwiro la munthu woyenda, kenako lankhulani ndi pakamwa, zikomo amayi, ndili kumbuyo kwanu ndi njinga, musafulumire, ndidutsa pakapezeka malo. Mawu a munthu amauza mtunda ndi mbali yomwe muli, belu silitero. Ndiye dikirani, ngakhale zitatenga mphindi ziwiri, iwo njirayo amaidziwa ndipo akupatsani mpata potakasuka. Mukakumana nawo maso ndi maso pa kanjira kopapatiza tsikani, nyamulani njinga muiike kutchire, iwo asasinthe pomwe akuponda, ndipo samalani nsonga za mtolo podutsa. Abambo otsika ndi njinga zodzaza nkhuni mulu kupitirira mutu aja nawonso apatukireni ngakhale inu mukukwera, lamulo la IMBA lija pamenepo siligwira, katundu ameneuja akayamba kutsetsereka saima ndi buleki wamba.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ndinkatsika tsiku lina chakumasana, njira ndinkaidziwa ngati chikhatho changa, pa kona ina ya udzu wautali ndinangoti balamanthu ndi kamnyamata kanyamula mbale ya ma strawberry. Ndinafinya yakumbuyo yokha, tayala linakhuluzika, ndinagwa cham'mbali, mwanayo anadumphira kutchire mbale uko zipatso uko. Sanavulale, Mulungu ndi wabwino, koma ndinalipira mbale yonse, ndipo chomwe chimandiwawabe si ndalamazo, ndi mmene ankanjenjemera potolera zipatso m'fumbi, nkumandipepesa iyeyo. Kuyambira pamenepo kona yomwe sindikuona kuseri kwake ndimaitenga ngati kuli mwana, chifukwa nthawi zambiri amakhalakodi.

Masamu ake ndi awa. Pa makilomita 30 pa ola, lomwe ndi liwiro losavuta kufika pa mtsetse wa Zomba osapalasa nkomwe, mumayenda mamita 8 pa sekondi iliyonse. Kuti diso lione, mutu uganize, chala chifinye, sekondi yatha, mamita 8 apita buleki isanayambe ntchito. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, pa fumbi kapena pa masamba a paini owuma aja ndiye zimaposa pamenepo. Yendani pa liwiro loti mutha kuima mkati mwa pomwe maso anu akufika, kukakhala chifunga cha chiperoni mu June ndi July pomwe simuona patali ndiye muchepetsenso.

Kagwiridwe ka buleki kaphunzireni pabwalo musanapite kuphiri. Mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili ku tayala lakutsogolo, anthu amaliopa chifukwa anagwapo ali ana, koma chinsinsi ndi kufinya onse awiri pang'onopang'ono, mutaimirira pa mapedulo, matako chakumbuyo, zidendene pansi. Tsitsani chishalo musanayambe mtsetse wautali. Chepetsani liwiro musanalowe pa kona, osati muli mkati. Kukhuluza tayala lakumbuyo kuja achinyamata amakuona ngati staili koma kumakumba kangalande pakati pa njira, mvula ikabwera madzi amatsata momwemo nkukhala chigwembe, ndipo woterereka mawa ndi mayi wosenza nkhuni uja. Pachifukwa chomwecho nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu December mpaka March, tinjira ting'onoting'ono tisiyeni, khalani pa misewu ikuluikulu. Komanso musagwire buleki osasiya kuchokera pamwamba mpaka mtauni, imatentha nkufooka, muzifinya nkusiya, mukamva fungo lopsa imani ipole.

Kunena zoona Potato Path ine sindipalasapo, ndikafuna kudutsapo ndimakankha. Pamwamba pa phiri pali misewu ya nkhalango yotakasuka yokwana kukutopetsani miyezi, kuzungulira damu la Mulunguzi, kupita ku Chagwa, kukafika ku Emperor's View komwe anaimako mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965 ndi Queen's View pafupi pomwepo, kapena ulendo wautaliko wa ku Chingwe's Hole. Kumeneko mumaona patali ndipo aliyense ali ndi malo, chongosamala ndi malole a matabwa, amene aja sakupatukirani. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba. Mukayamba kugwiritsa ntchito Strava, pulogalamu ya pafoni yowerengera nthawi ndi mtunda womwe mwapalasa, zofuna kuphwanya nthawi ya anzanu muzichitira pokwera, potsika ayi. Mukamayenda gulu woyamba aziwauza anthu kuti kumbuyo kukubwera angati, chifukwa munthu akapatukira mmodzi amabwerera m'njira. Ndi nkhalango yotetezedwa ija, ndiye a zankhalango kapena anyamata operekeza alendo akakuuzani kuti uku musapite, mverani. Miyendo ikalimba mudzayese ku Luwawa ku Viphya komwe kwachitikapo mpikisano wa njinga za m'mapiri, kapena ku Nyika komwe ndi paki ndipo mumatsata malamulo a paki. Ku Mulanje njira zokwerera phiri ndi za miyendo, njinga imakoma m'munsi cha ku minda ya tiyi, koma minda ili ndi eni ake, pemphani kaye.

Amayi aja mudzakumana nawonso, phirilo ndi limodzi ndipo nkhope ya munthu wovala helemeti saiiwala. Mudzatsike, muwapatse moni, munene kuti tsiku lija ndinalakwitsa pepani, zithera pomwepo. Ya kaunjikayo musanalipire mupempheni mwini wake muiyese pa kamtsetse, mufike pa liwiro pang'ono nkuima katatu kanayi, akakana kuti muiyese musiyireni njinga yake. Ndipo mukapita kokaiona jambulani foloko, mabuleki onse awiri ndi masipulokete akumbuyo chapafupi munditumizire, ndikuuzani zoti musinthe ndi poyambira kunenerera mtengo.